Dzanja la Botolo Laleka Kunjenjemera

14 Juni

Okondedwa mlongo wanga,

Ndiyambe ndi ana, mudziwe kuti sindinabereke pachabe. Wachisamba uja tsopano ndi mphunzitsi wamkulu. Wachiwiri akuyendetsa lole ya matayala ochuluka, ndinatopa nawo kuwerenga. Mtsikana uja ndi namwino, amandipima ngakhale ndisakudwala.

Watsala wotsiriza, amene anthu anamutcha Botolo. Chonde musang'ambe kalatayi. Ndikudziwa munalumbira kuti simudzapondanso pakhomo panga iye alipo, chifukwa pa maliro a amuna anu anagwera pabokosi ataledzera.

Tayang'anani bwino zilembozi. Paja ine sukulu ndinangoidutsa panja, ndiye ndikungoyankhula, wolemba ndi iyeyo.

Mukukumbuka kuti ntchito yake yolemba zikwangwani inatha chifukwa manja ankanjenjemera. Chaka chatha abusa anamupeza atagona kuseri kwa tchalitchi. Sanamukalipire. Anamupatsa penti ndi bulashi kuti alembe vesi pakhoma. Iye anati, “Abusa, manja awa anafa.” Iwo anati, “Zikapindika fufuta, tipemphere, ubwerenso mawa. Khoma silithawa.” Anafufuta miyezi itatu. Kamodzi anabwerera ku mowa, sindikubisirani, koma m'mawa mwake anapita yekha kukhoma kuja akulira. Lero yakwana miyezi khumi osalawa, ndipo vesi lija laima chilili ngati asilikali.

Apa waimitsa cholembera, akuti, “Bambo, zinazi tisiye.” Ndamuuza kuti alembe, mwini kalata ndine.

Mlongo wanga, amene anamulawitsa mowa mwanayu ndine. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anzanga akuseka, ine ndikunyadira kuti ndabereka mwamuna. Zaka zonsezi ndinkamunyoza pamaso pa anthu, langa botolo lili kuseri kwa kabati. Nditaona vesi lija, ngakhale sinditha kuliwerenga, ndinakataya botolo langalo. Tsopano timagwada limodzi m'mawa uliwonse. Ambuye amatimva, ngakhale mawondo anga amalira kuposa pemphero.

Ngati mkwiyo ukadalipo, mugawe pawiri, gawo lalikulu likhale langa.

Loweruka pa 9 Ogasiti ana onse adzasonkhana kuno kudzathokoza Mulungu. Ndinamuuza kuti alembe kupepesa kwake pansipa, wakana. Akuti zimenezo si za cholembera, adzanena yekha atagwada pamaso pa azakhali ake. Mpando wanu waupenta kale.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a ana anayi, onse amoyo