Chigongono cha Namiyendo

Lolemba, 14 Julaye

Mawa Namiyendo akuthamanga. Mng'ono wanga weniweni, pa masewera a mayiko onse! TV ndaichotsa kunyumba, ndaikhazika musaluni pamwamba pa shelefu ya mafuta a tsitsi. Bambo akuti adzaonera konkuno, okha kunyumba sangapirire.

Chiyikireni TV anthu sakuchoka. A Telala a khomo linalo asiya makina awo, mpando wa makasitomala ausandutsa wawo. Masana anaonetsa wankhonya wina atagonja, n'kukana kupatsa mnzake dzanja. Anamwino, amene ndimawaluka mwezi uliwonse, akuti ameneyo ndi mwana wosaleredwa. A Telala akuti, "Munthu wakuswa mphuno, ukamuthokozenso? Kumeneko si kutchalitchi." Mkangano wawo unandilakwitsa mzere, ndinachita kumasula n'kuyambiranso. Manja anga lero si anga.

Lachiwiri, 15 Julaye

Wadutsa!! Wachitatu pa mamita 1,500. Fainolo Loweruka.

Musaluni munadzaza, ena amasuzumira pawindo. Bambo anakhala kutsogolo, chipewa chili pabondo. Pokhota pomaliza anapanikizana anayi, Namiyendo ali mkati, njira yatsekeka. Kenako mtsikana wa malaya achikasu anangoti khu! pansi, mpata n'kutseguka, wathu n'kudutsa. Phokoso lake! A Telala anavina ndi tepi m'khosi. Bambo analira osabisa.

Pamene amabwereza chithunzi pang'onopang'ono anthu anali akuvinabe. Ine ndinayang'ana. Chigongono cha Namiyendo, chakumanja. Kamodzi, mwachangu, m'nthiti. Ndikuchidziwa chifukwa ndinamuphunzitsa ndine, pa bwalo la sukulu, bondo langali lisanandisiyitse kuthamanga: akakutsekera, dzitsegulire wekha.

Kaya, mwina maso anga.

Lachitatu, 16 Julaye

Kavidiyo kali pa foni ya aliyense. A timu ya wachikasu akadandaula kwa oweruza. Musaluni lero ngati pabwalo la milandu. Wina akuti anapunthwa yekha, wina akuti othamanga onse amagundana, wina akuti mayiko akuluakulu akungotichitira nsanje. A Telala: "Mendulo ilibe polemba kuti unadutsa bwanji."

Anamwino anabwera kudzatenga sikafu yomwe anaiwala. Anaonera kavidiyoko kawiri, n'kunena motsitsa mawu, "Koma apa anamukankha." Ndinawalusira. Ndati munayamba mwathamangapo inu? Mumadziwa kuti pokhota pamakhala bwanji? Anangondiyang'ana n'kuti, "Khoswe akakhala pamkhate sapheka, asisi." Anatuluka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwaluka, sindinawakwezerepo mawu.

Ndamuimbira Namiyendo kanayi. Ikungoitana.

Lachinayi, 17 Julaye

Oweruza akuti chithunzi sichikuoneka bwino, mlandu palibe. Namiyendo athamanga. Aliyense wasangalala. Ine ndasesa saluni katatu.

Lachisanu, 18 Julaye

M'mawa ndinapeza Bambo akusita shati yoyera ija amavala pa maukwati. Akuti ya mawa. Akuti akufuna mwana wawo akawaone ali ooneka bwino, ngati kuti TV imaona kuno. Ndinaseka.

Pa nkhani za masana anaonetsa wachikasu uja, mkono uli mu pulasitala. Wathyoka. Ndi kamwana ndithu, msinkhu wa Namiyendo. Amufunsa ngati ali ndi mawu kwa amene anamugwetsa, iye akuti alibe, angofuna kupita kwawo. Zaka zinayi akukonzekera. Mayi wina amene ndimamutsuka tsitsi anati, "Akanagwa wathu bwenzi tikuti chiyani?" A Telala anasintha tchanelo.

Cha m'ma folo koloko foni. Namiyendo. Ndinathawira kuseri, pa zidebe za madzi. Mawu ake ngati wadwala chimfine.

"Asisi, munaonera?"

Ndati tonse, Bambo mpaka misozi.

"Ayi. Inuyo, munaona?"

Ndati oweruza agamula kale, idya bwino, ugone, mawa uthamange basi.

"Sindinafunse za oweruza."

Ndinayang'ana khoma. Ndinaganiza za shati yoyera, za m'mawa wonse umene ndinkamudzutsa kusanache kuti tikathamange, za bondo langa. Ndati, "Sindinaone kanthu ine."

Ndimamva kupuma kwake. Kenako anati chabwino, mupereke moni kwa Bambo. N'kudula.

Ndabwerera mkati ndapeza madzi asefukira mu sinki, kasitomala thovu lili m'maso.

Loweruka, 19 Julaye

Sindikudziwa poyambira.

Anthu anayamba kufika teni koloko, fainolo ili ya thu. Lero sindinagwire mutu wa munthu. Mipando tinabwereka kwa a Telala. Anamwino anabweranso, anaima pakhomo osandipatsa moni. Bambo mu shati yawo, kutsogolo.

Othamanga anatuluka, kamera ikudutsa nkhope imodziimodzi. Tinawerenga. Khumi ndi mmodzi. Namiyendo palibe. Muulutsi ndiye anafotokoza: m'mawa wa lero anapita yekha kwa oweruza, anakanena kuti anakankha dala. Amuchotsa mu mpikisano.

Aliyense kuyankhula nthawi imodzi. "Walodzedwa?" "Amuopseza ameneyo!" "Ndani anamufunsa?" A Telala anaimirira, akuti chitsiru, dziko lonse likumudikira iye akukalapa machimo, mkono wa mnzakeyo ulumikizika chifukwa wavomera? Mnyamata wina wa pawindo anati bola akanathamanga kaye n'kuvomera mendulo ili m'khosi. Ena anaseka. Anamwino anati, "Mwana uyu ndi wolimba mtima kuposa tonse tili muno," koma mawu awo anamira m'phokoso. Anthu anayamba kutuluka, ena atanyamula mipando.

Bambo sanasunthe. Anandikodola, ndinagwada pambali pawo.

"Iwe unathamangapo. Tsiku lija unaona?"

"Ndinaona, Bambo."

"Ndipo iye anakufunsa?"

"Dzulo. Ndinamukanira."

Anazunguza chipewa pabondo, kamodzi, kawiri. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anatembenukira kwa a Telala, amene anali akubwebwetabe, n'kuti, "Achimwene, mwanena zokwanira. Ameneyo ndi mwana wanga." A Telala anatola tepi yawo n'kupita.

Ndimati ndithimitse TV. Bambo anati ayi, kweza mawu, anzakewo nawonso ali ndi makolo. Tinaonera atatu, ine, Bambo ndi Anamwino amene anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anawina wamtali wina wa malaya obiriwira. Bambo anamuombera m'manja okhaokha, mpaka mapeto.

Panopa onse apita, ndatsala ndekha ndi zipeso zosatsuka. Ndamulembera Namiyendo uthenga, kufufuta, kulembanso, kasanu. Womaliza ndatumiza ndi uwu: "Ndinaona. Dzulo ndinakunamiza. Ndikhululukire, mng'ono wanga."

Wawerenga. Foni ikuonetsa kuti akulemba.