Ngalande ya Kuseri kwa Khola Lathu

Okondedwa achimwene a Orvil,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Idaho tatha kukumba mbatatesi, mawondo okha ndiwo akundivuta.

Mwezi watha kunabwera achinyamata a ku Salt Lake amene akupanga filimu paokha. Anabwereka famu yathu yakale ija. Nkhani yake ndi ya mtsikana wophedwa, akuti ndi yongopeka. Abishopu anavomera, amayi a mumpingo mpaka kumawaphikira.

Lachisanu ndinapita kukaonerera. Wosewera ngati mtsikanayo anamugoneka m'ngalande yothirira, kuseri kwa khola, atavala nsapato imodzi. Achimwene, Delora, mwana wa aneba uja, apolisi anamupeza atafa kumtsinje mu 1968. Zoti mtembo wake unayamba wagona m'ngalande imeneyi tinkadziwa inu, ine ndi malemu bambo basi.

Ndinafunsa mtsogoleri wawo, mnyamata waulemu dzina lake Kendell, kumene anazitenga zimenezi. Iye anati, "Pali agogo ena amabwera m'mawa uliwonse, ovala chipewa chotuwa chong'ambika kutsogolo. Ndiwo anandiuza kuti, 'Si pamenepo, msendezeni kuno, mumuvule nsapato.' Si abale anu?"

Inu mukudziwa kuti bambo tinawaika m'manda ndi chipewa chotere.

Lamlungu mbale ya mgonero inandidutsa, dzanja linakana. Filimuyi adzaionetsa m'holo ya tchalitchi ikatha, ndipo Arvella, mng'ono wake wa Delora, wati adzakhala kutsogolo, pafupi ndi ine. Kodi mubwera, kapena ndilankhule ndekha?

Ndine mlongo wanu,
Verla