Mawu a m'gitala ya Ben

Lolemba, 2 Sepitembala

Ndayamba kuyankhula m'foni. Kulemba kumandivuta ine, dzanja limachedwa, mutu n'kuiwala zomwe umafuna kunena. Ndiye ndizingonena, foni izisunga. Womva palibe.

Nkhani ndi gitala ya Ben, mng'ono wanga. Anamwalira ku Joni chaka chatha. Mtembo unabwera kuno ku Engutwini pamodzi ndi katundu wake: zovala, mabulangete, mbaula yamagetsi, ndi gitala iyi. Pogawa katundu akuluakulu anati gitala atenge Tumbikani, ndiye amaimba ku tchalitchi. Ine ameneyo. Koma ine ndimadziwa gitala wamba ija ya chibowo pakati. Iyi ndi yamagetsi. Chaka chonse yangokhala pamwamba pa kabati. Mtima sunkafuna.

Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza chake. Ndikufuna ndimuimbire pa gitala yake yomweyi. Abusa andibwereka ampu ya tchalitchi, chokuzira mawu chija.

Maonekedwe ake. Yobiriwira, ngati penti wa kuchipatala. M'mbali yonyukanyuka, thabwa kuonekera. Pansi pa zingwe pali timaginito titatu toyera. Kachitsulo kena kolendewera ngati buleki ya njinga, sindikudziwa ntchito yake. Kumutu kulibe dzina. Ben pafoni ankati, "Mukulu, iyi njakale chomene, inapangidwa adada asanakwatire." Ankainyadira. Kaya ndi mtundu wanji, kaya.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Ndalumikiza. Batire ya sola, inveta, ampu, gitala. Masana inangolira ngati njuchi mumng'oma. Ndikagwira zingwe njuchi zichepa, ndikasiya zibwerera. Kuimba ikuimba, mawu ake okoma nadi, owonda, ofika patali.

Koma dzuwa litapendeka. Apa ndinene bwino. Ndinaiika pampando, ampu ili yoyaka, ndimafuna kumwa madzi. Ndiye ndinamva munthu. Mwamuna. Akuyankhula chapansipansi mu sipikamo, ngati ali kuseri kwa phiri. Osati Chitumbuka, osati Chichewa. Chiyankhulo cha ku Joni chija, chodula lilime. Abwere, apite, abwerenso.



Amama anali pakhonde akusenda nyemba. Analowa ndi lichero m'manja. Anaima. Kenako anakhala pamphasa. Ndinazimitsa msanga, ndinaona kuti achita mantha. Iwo anangoti, "Ndi mmene ankayankhulira ndi anzake uko." Mbwenu anatuluka.

Nyemba zinatsala pamphasa.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Nkhani siyigona. Sindinauze munthu koma yafika kwa ankhazi Bessie, mlongo wa malemu adada. Pamudzi pano chinamwalirira adada, ankhazi akanena chinthu ndiye chanenedwa.

Abwera madzulo ndi ndodo yawo. Akuti yatsa. Ndayatsa. Ndimapemphera mumtima kuti lero munthu uja akhale chete. Ayi. Wayankhula bwinobwino, mpaka ngati waseka pang'ono.

Ankhazi anagwira pakamwa. Kenako akuti, "Mwana uyu sanagone. Chinthu chake akuchifuna." Agamula kuti likafika tsiku la chiliza chikuyankhulabe, tichiswe ndi nkhwangwa, tichikwirire pambali pa manda. Ndinati ndapota ankhazi, chonde, mwina ndi mawaya chabe. Akuti, "Mawaya amadziwa Chizulu?"



Za Ben ndilibe china. Zovala zinapita kwa ena, mbaula kwa mkazi wake. Chithunzi chomwe ndili nacho ndi cha pa chitupa, nkhope yosaseka. Iyi yokha ndiyo ili ndi thukuta la manja ake. Nkhwangwa yayi.

Loweruka, 7 Sepitembala

Kudimba sindinapite. Tomato akufuna madzi, ndikudziwa.

Ndayesa zambiri. Ndasintha chingwe cholumikizira, ndabwereka cha kwaya. Chimodzimodzi. Ndatembenuza mabatani onse atatu, limodzi likungozungulira osagwira kanthu. Ndatulutsa zonse panja, pansi pa mtengo wa mango. Munthu uja ali pompo.

Chinthu china ndaona, ndipo sindiuza ankhazi. Ndikaikoleka paphewa n'kutembenuka, mawu amasintha. Ndikayang'ana kumpoto achepa. Ndikayang'ana cha ku Jenda, njira ya ku Joni, akwera. Ndinabwerezabwereza ngati wamisala, ndikuzungulira pabwalo. Nkhuku kundiyang'ana.

Ine ndine mkhristu. Koma kaya.

Tsopano ndikudzifunsa. Ngati ndi Ben, bwanji sakutchula dzina langa? Bwanji sakuyankhula Chitumbuka? Ben ameneyu akanayamba ndi kufunsa za ng'ombe.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Titaweruka ku tchalitchi ndinalumikiza ampu ija ku kiyibodi, tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Zii. Ndiye ampu ilibe mlandu. Vuto lili m'gitala.

Abusa akuti pemphero ndi labwino, koma ndikaonenso a Ishaka pamsika wa Boma, amene amakonza mawailesi. Akuti Mulungu anapatsanso anthu nzeru za sikuludilaiva.

Amama madzulo aliwonse akumafunsa, "Lero suyesa?" Ndikayatsa amabwera ndi mphasa yawo. Amakhala mpaka nditazimitsa. Ndikuona nkhaniyi yawadetsa nkhawa chomene, akufuna ithe. Kudya akudya pang'ono. Ndiyenera kufulumira.

Ndalama ya minibasi ndigulitsa tambala wanga.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Ku Boma. Ndinaikulunga m'chitenje cha mkazi wanga. Mu minibasi kondakitala akuti, "Adada, mwanayo alipira kapena mumufukata?" Anthu kuseka. Ndinaifukata.

A Ishaka ndi Achawa a ku Mangochi, akhala pano nthawi yaitali. Kashopu kothina, mawailesi mpaka kudenga. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za kutembenukira ku Jenda. Sanaseke. Analumikiza. Njuchi zokha, munthu ayi. Akuti, "Achimwene, mzimu wanuwo umagwira ntchito madzulo okha?" Apa ndiye anaseka. Nanenso ndinaseka, koma pang'ono.

Anamasula chivundikiro. Ine kuyang'anitsitsa, ngati akutsegula m'mimba mwa munthu. Mkatimo dzimbiri. Pena lofiira, pena lobiriwira. Pamene pamalowa chingwe pose padyeka. Waya umodzi ukungogwira ndi kaulusi. Ndiye anatokosa ndi kachitsulo n'kutulutsa timasamba touma. Akuti, "Munaichapa gitalayi?"

Ndinati yayi. Kenako ndinakumbuka.

Katundu wa malemu sagawidwa asanawazidwe madzi a mankhwala. Ndi mwambo wathu. Anawaza ndi ankhazi. Zovala anangowaza pamwamba, koma gitala anati iyi ndiyo ankaigwira kwambiri. Anaigoneka pamphasa n'kuithira ndi chikho, m'mabowo monse, mpaka madzi kutulukira kumbuyo. Ine ndinalipo. Ndinagwira nawo kumutu. Kenako inakwera pakabati ili yonyowa.

A Ishaka anagwira mutu. Akuti dzimbiri likadya polumikizira, timaginito tija ndi mawaya zimasanduka wailesi. Masiteshoni akutali amafika bwino dzuwa likalowa. Kutembenuka kuja ndi ngati mmene timapotozera eriyo. Akuti munthu wanga uja mwina ndi mlaliki, mwina wowerenga nkhani.

Sindinamve zonse. Koma dzimbiri ndaliona ndi maso anga.

Ndinafunsanso za mtundu wake. Akuti sakudziwa, iwo ndi a mawailesi. Anaijambula kutsogolo, kumbuyo, mkati, atumiza ku gulu lina la pafoni la anthu a magitala. Ndaisiya komweko. Pobwerera manja anga analibe chogwira.

Amama anafunsa kuti ili kuti. Ndinati kuchipatala. Sanaseke.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Ndakaitenga. Polowera chingwe aikapo chatsopano, achotsa pa wailesi yakufa. Mawaya awotchereranso onse. Batani lozungulira lija likugwira. Mkati amatamo pepala lonyezimira, akuti limatchinga zakunja. Kachitsulo ka buleki kaja ndi kogwedezera mawu, andionetsa. Ukakakanikiza gitala imalira ngati munthu.

A gulu aja ayankha. Anatsutsana kaye, wina uku wina uku, mpaka wina wa ku Lilongwe anaona kachizindikiro mkatimo. Akuti si yakale. Yapangidwa zaka zochepa zapitazi, ku fakitale, yotsika mtengo. Anangotengera maonekedwe a zakale. Kunyuka kuja, mikwingwirima ija, akuti amachita dala isanatuluke m'fakitale. Ndinati bwanji? A Ishaka akuti anthu akunja amakonda choncho.

Ndaganiza njira yonse. Ife chinthu chikakalamba timachipaka penti chioneke chatsopano. Iwo chatsopano amachikala chioneke chakale. Dziko ili.

Ndiye Ben anamunamiza wogulitsa? Kapena ankadziwa, amangofuna mukulu wake ndizimuyesa munthu wa zinthu zapamwamba? Ayi, ndisatero. Ben anali wosavuta kumunamiza. Anagulapo mbuzi yodwala pa Jenda chifukwa mwini wake analira.

Koma ndaona malo amodzi. Kumbuyo kwa khosi, pamene pamakhala chala chachikulu, pasalala, pada. Apo si fakitale. Ndayikapo chala changa, chakwana.

Madzulo ndayatsa. Zii. Ngakhale njuchi zachoka. Ndatembenukira ku Jenda, ndadikira. Zii.

Ndinakondwa chomene. Ndinathamangira pakhonde, ndikuti amama, yatheka! Inali wailesi chabe, dzimbiri, munalibe munthu mmenemo! Akuti, "Enya," kuvomera chabe. Mbwenu analowa m'nyumba mwawo.

Kutopa mwina. Alendo ayamba kufika.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Ankhazi abwera kudzamva okha. Anakhala ndi khutu pa sipika mpaka kunja kunachita kamdima. Akuti, "Wagona. Wamva kuti chiliza chatha." Nkhwangwa ayi. Gitala ndi yanga.

Za madzi awo sindinanene. Si bodza, kungokhala chete. Kapena ndi bodza? Ndidzafunsa abusa.

Ntchito yambiri. Nkhuni, mipando, mbuzi. Zingwe ziwiri zili ndi dzimbiri, zikudula zala. Zipirire mpaka mawa.

Loweruka, 14 Sepitembala

Zatheka. Anthu ambiri, ena ochokera ku Joni. Batire tinanyamula pa wilibala mpaka kumanda. Atachotsa nsalu pachiliza ndinaimba nyimbo imene tinkaimba tili ana ku Sande sukulu, ine ndi iye. Ndinalakwitsa poyamba. Kenako zinayenda. Pomaliza ndinakanikiza kachitsulo kaja. Azimayi analira. Ankhazi analira kuposa onse, kenako analuluta.

Mnzake wina wa ku Joni anandigwira dzanja, akuti Ben ankaiimba Lamulungu lililonse, chitseko chotseka, kuopa eni nyumba.

Amama anakhala kutsogolo. Sanalire. Sankayang'ana chiliza, sankayang'ana ine. Maso pa ampu basi.

Ndatopa. Mawu atha.

Lolemba, 16 Sepitembala

Alendo apita. Ampu ndikabweza mawa.

Ndikuyankhula chapansipansi, ndili pakhonde.

Dzuwa litapendeka amama abwera ndi mphasa yawo. Ayala pamalo paja. Akuti, "Yatsa." Ndayatsa. Ndinaganiza akufuna nyimbo ya Loweruka ija, ndinayamba kuimba. Sindinafike patali. Anakweza dzanja, akuti, "Siya zingwezo, Tumbikani. Ukusokosa. Sindikumva."

Ndasiya.

Ndinafuna kunenanso za dzimbiri. Ndinayamba, amama, paja ndinati. Akuti, "Ndinamva zimene unati. Kweza pang'ono."

Ndakweza mpaka pomaliza. Kamphepo chabe mu sipika, fuuu, ngati m'botolo.

Masiku onse aja ine ndimati akuopa. Ine ndi nzeru zanga, ndi tambala wanga.

Akadali momwemo. Atsamira khoma, mutu apendeketsa. Gitala ndaiimika pampando, ndailozetsa ku Jenda. Sanandiuze, ndangochita.

Inveta yayamba kulira, batire yatsika. Usiku uno sitikhala ndi getsi. Ndimati ndilowe ndizimitse, ndafika pakhomo ndabwerera.

Ndidikira kaye. Mwina abusa angalole ampu ikhale sabata ina.