Chitseko Chonunkhira Juwisi

Lolemba, 4 Julayi 1994

Mwela wakula. Ndakhala tsiku lonse pamsika wa ku boma ndi ndowa yanga ya juwisi, anthu akungodutsa manja ali m'khwapa. Ndani angamwe zozizira mwezi uno? Ndabwerera nayo ku Zingalume pa njinga, ikukhavukira njira yonse.

Kunyumba ndapeza atate ali pamkeka ndi a Ezara, anzawo amene tinathawa nawo nkhondo ku Mozambique. Nkhani ndi yomwe ija. Mfuti zaleka, anthu akubwerera. A Ezara anyamuka ndi ngolo yawo mwezi uno usanathe, ndipo atate akuti malo alipo a anthu awiri. Awiriwo ndiye kuti iwo ndi ine.

Ine sindikufuna kupita. Ndalemba pano chifukwa pakamwa zikukana kutuluka. Amayi anagona kumanda a konkuno ku Zambia. Komanso kuli Fanwell, bwenzi langa lopala matabwa.

Lachitatu, 6 Julayi

Atate akayamba za kwathu satchula munda kapena mtsinje. Amatchula chitseko. Akuti anachisema okha ndi mlombwa chaka chimene anakwatira amayi, chofiira, dzuwa likamalowa chinkachita ngati chayaka. Ine ndinachoka ndili kamtsikana, sindichikumbukira, koma ndachimva kambirimbiri mpaka ndimachiona ndikatsinzina. Nthawi zina amayi amakhala atachitsamira akupeta mapira. Nkhope yokha ndiyo siioneka bwino.

Kuno timatseka ndi chitseko cha bango. Zaka zonsezi atate akhala akukana cha matabwa. Amati wapaulendo sakhoma msomali.

Lachinayi, 7 Julayi

Mthiko wotakasira juwisi ndinauiwala m'ndowa chibwerereni kumsika. Lero ndauvuula utafiira psuu. Ndakwecha ndi phulusa, ndakwecha ndi mchenga, osachoka. Ndinangokhala nawo m'manja kuuyang'ana, nkhuku mpaka zinandidyera mphale palichero.

Masana ndapita nawo kwa F. pansi pa mango pomwe amapalira matabwa. Ali ndi chitseko cha malaina, choyera mbee, chimene mwini wake anasamuka osachitenga. Ndamuonetsa mthiko, ndamuuza zomwe ndikuganiza. Waseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe Lonia, ukufuna apongozi anga azinyambita chitseko?"

Apongozi! Munthu woti ankhoswe sanawatume n'komwe. Ndamutsina pamkono.

Aseke bwanji, maganizo anga ndi awa: atate akaona chitseko chawo chili konkuno, mwina mtima ukhala pansi, ngolo ipita yokha.

Loweruka, 9 Julayi

Tapaka! Ndinasungunula timapaketi ta ufa wa juwisi wofiira m'madzi ochepa, n'kumapaka ndi kansanza. Thabwa limamwa ngati lili ndi ludzu. Mizere ya mtengo yomwe sinkaoneka yayamba kutuluka, ina yokhotakhota ngati mitsinje, ina ngati mizere ya m'munda. Ndinamuuza F. kuti uwu ndi mtsinje wa kwathu, apa ndi pamene tinawolokera. Iye akuti akungoona mfundo ya thabwa basi. Amuna!

Manja anga afiira mpaka m'zikhadabo. Atate afunsa, ndati ndi za malonda.

Lamulungu, 10 Julayi

Zachitika. Potuluka m'tchalitchi ndadzera kwa F., ndapeza chitseko chada bii ndi nyerere, njuchi zili ng'ung'ung'u, mbuzi ya amayi ake yaima ndi miyendo iwiri ikunyambita pakona. Mlomo wake wofiira ngati wa mtsikana wa ku Chipata.

Shuga. Ndinathira shuga. Dzanja linazolowera, ukatsegula kapaketi chotsatira ndi shuga, sindinaganize n'komwe. F. wati, "Nanga thabwa lidandaula kuti chakumwa n'chowawasa?" Ndaseka naye, koma pobwerera misozi inali pafupi. Masiku akutha. A Ezara ayamba kale kukonza goli.

Lachiwiri, 12 Julayi

Tayambiranso. Tatsuka, tayanika, F. wakwecha ndi sandipepa. Ulendo uno madzi otentha, shuga ayi. Wofiira yekha amaoneka wa chibwana, ndiye ndasakaniza ndi wa mphesa pang'ono ndi madzi a masamba a tiyi kuti chide. Kupaka, kudikira chiume, kupakanso. Pomaliza ndapukuta ndi mafuta a nsatsi.

Podikirapo ndinagona chagada pa zopalapala za matabwa, kuyang'ana masamba a mango. Ndinaona nyumba yathu ine ndi F., ya malata, atate ali pakhonde akusema mipini, kamwana kakukwawira kumapazi kwawo. Ndinakapatsa ndi dzina lomwe. Silolemba pano.

Lachitatu, 13 Julayi

Chauma. Chakongola mochititsa mantha.

Lachinayi, 14 Julayi

Atate atapita kwa a Ezara, F. wabwera nacho pa njinga, tachotsa cha bango, wakhoma ichi. Kenako wathawa, wamantha uja.

Atate afika dzuwa litapendeka, likuwomba pachitseko penipeni. Anaima pabwalo nthawi yaitali, ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndikusuzumira. Anayandikira, anasisita ndi chikhatho kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kununkhiza.

"Si mlombwa uwu."

"Ndi malaina, atate."

"Nanga kufiiraku?"

"Juwisi."

Ndimati akalipa. Anangotsegula, kutseka, kutsegulanso, kumvetsera kulira kwake. Kenako anafunsa kuti wapala ndani. Nditatchula dzina anagwedeza mutu, n'kunena kuti mnyamatayo dzanja ali nalo.

Loweruka, 16 Julayi

Dzulo ndi lero atate sanapite kwa a Ezara. Atulutsa mpando, akhala moyang'anana ndi chitseko. Ndinawamva akulankhula motsitsa, akuti, "Waona zimene wachita mwana wako?" Pabwalo panalibe munthu.

Nyumba yonse ikununkhira ngati kusitolo. Ndikuyenda ngati sindikuponda pansi. Ndikuganiza kuti zatheka. Ndasesa bwalo kawiri popanda chifukwa.

Lachiwiri, 19 Julayi

Sizinatheke.

Atate anandiitana m'mawa, anati ndikhale pansi. Akuti alongo awo atumiza mawu kuti ali moyo, abwerera pamudzi wakale, ndipo palibe mwamuna wamkulu woyang'anira mbumba. "Mwamuna mkazi akamwalira amabwerera kwa mbumba yake," anatero. "Ine nkhondo ndiyo inandichedwetsa."

Ndinati ndamva, ndiyamba kumanga katundu wanga.

"Katundu wa chiyani? Iwe kwanu ndi kumene kwagona amayi ako. Manda awo alambule ndani? Ndimati tipite tonse, koma munthu wofuna ulendo safiiritsa manja ndi chitseko. Ndakumva, mwanawe."

Anati za ankhoswe akambirana kale ndi akuluakulu a mpingo, F. atume ake mawa, zotsalazo akuluakuluwo azitsiriza atate atapita.

Ndiye ndapatsidwa chimene ndinkafuna, n'kulandidwa chimene ndinkafunitsitsa. Ndalira kumunda mpaka mutu kuwawa. Njira ya kwathu akuti ina ikadali ndi mabomba okwirira, ndipo atate maso ayamba kuchita chifunga. Chitsekocho ndachida. Ndimafuna chiwagwire, koma ndi chimene chawauza kuti angathe kundisiya.

Lachitatu, 20 Julayi

Ankhoswe abwera, apita. Ndakazinga nsawawa za paulendo. Zapserera.

Lachinayi, 21 Julayi

Ngolo yafika mame asanaume. Takweza mbewu ya chimanga, makasu, mphasa, kasemasema wa atate. F. analipo, akunyamula zolemera, maso pansi ngati mkamwini weniweni.

Zonse zitakwera, atate anabwerera kunyumba. Ndimati akatsanzika m'kati. Anamuitana F., n'kumuuza kuti azule misomali.

"Misomali iti, atate?"

"Ya chitseko changa."

A Ezara anadandaula kuti ng'ombe zilemedwa, thabwa n'lopezeka kulikonse. Atate anachikulunga chitsekocho m'mphepete ndi bulangete lawo lomwe, kuzizira konseku, n'kuchimanga chiimire kumbuyo kwa ngolo. Kenako anandigwira dzanja, zala zanga zofiira zija, anaziyang'ana.

"Kwathu akandifunsa kuti ku Zambia ndinapindulako chiyani, ndiwaonetsa ichi. Ndiwauza kuti ndasiyako mwana wodziwa kusandutsa malaina kukhala mlombwa."

Kwa F. anangoti, "Nyumba ya mwana wanga yatsala pululu. Dzuwa lisalowe ili choncho."

Ndawaperekeza mpaka pamtsinje. Anandibweza.

Tsopano ndakhala pakhomo popanda chitseko, mwela ukulowa mwaufulu, ukuulutsa tsamba lomwe ndikulembali. F. wagwada pambali panga akuyeza mphuthu ndi chingwe, akufunsa ngati chatsopanocho ndichifuna chofiiranso. Ine maso ali kutsidya. Ngolo yatsala pang'ono kukwera chitunda cha kutsidya, anthu sakuonekanso, ng'ombe sizikuonekanso. Chikuoneka ndi kadontho kofiira basi, kakunka kwathu pang'onopang'ono.