Manambala a pa Galimoto ya a Manase

Griffith
Mwezi wa Julaye

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi Abambo. Kodi msana uja ukukuvutanibe? Mng'ono wanga Kalisi anandiuza kuti mumakhala chowerama tsiku lonse pa mkeka umene mukuluka. Chonde muzipumako. Ine m'thupi ndili bwino. Malume Sekope ndi akazi awo, mayi Fipe, alinso bwino ndipo akupereka moni.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pa foni mawu amandithawa, komanso foni ya kwathu imamvedwa ndi nyumba yonse. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akubwera kwathu ku zilumba za Ha'apai kumaliro a mlongo wake. Muiwerenge muli nokha, chifukwa ikukhudza ukwati wanga.

Kuno kukuzizira kwambiri. M'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndipo othyola malalanje amadikira kuti dzuwa liumitse zipatso asanakwere makwerero. Ife a m'shedi yosankhira timayamba mochedwa chifukwa cha zimenezo. Zala zanga zang'ambika m'nsonga, koma mafuta a kokonati munanditumizira aja akuthandiza. Kutchalitchi kwachepa anthu, anyamata ambiri apita kukadulira mphesa kumadera ena.

Mukudziwa kuti a Manase atabwera ndi abale awo kudzandifunsira kwa malume, analonjeza Abambo galimoto yakale ya Holden, yofanana ndi imene Abambo ankayendetsa ngati takisi mu mzinda wa Nuku'alofa asanakukwatireni. Chithunzi chake munachiona. A Manase anauza aliyense kuti inali ya gogo wina wa ku Leeton, amene ankangopita nayo kutchalitchi ndi kogula zinthu, kenako n'kuitsekera m'galaja zaka zambiri. Anati makalata ake onse anatayika gogoyo atamwalira. M'malo mwa makalata anatilozera manambala a kutsogolo kwa chiwongolero, amene amawerenga mtunda umene galimoto yayenda. Akusonyeza mamailosi 38,000 ndi kanthu.

Ine nditaona nambalayo ndinkayesa ndi yaikulu kale. Ndinaganiza za msewu wathu wochokera ku Pangai kukafika ku Faleloa, kuti munthu angauyende kangati kuti afike pamenepo. Koma azibambo a kutchalitchi anati kwa galimoto ya zaka zimenezo, ndiye kuti ikadali khanda. Abambo pa foni anaibwereza nambalayo n'kuseka. Sindinawamvepo akuseka choncho.

A Manase asanapite kukadulira mphesa ku Robinvale anaisiya galimotoyo pabwalo pa malume, n'kundipempha kuti ndisokerere nsalu yatsopano pa mpando wakutsogolo. Anati dzuwa linaupsereza. Nditachotsa bulangeti limene anayalapo, ndinapeza kuti mbali ya wokwera ili bwinobwino, koma mbali ya woyendetsa yalowa pansi ngati mtondo. Mawaya a m'kati anathyokera cha kuchitseko, pamene munthu amakhula polowa ndi potuluka. Dzuwa silisankha mbali, Amayi. Dzenjelo linali lalikulu moti ine ndinkamiramo, ndipo ndinadzifunsa kuti gogoyo anali wamkulu bwanji. Komabe ndinaikamo thonje, ndinasoka mosamala monga munandiphunzitsira, osanena kanthu kwa munthu.

Malume mumawadziwa. Galimoto ili pakhomo pawo, makiyi ali pamsomali, sakanapirira. Loweruka lina anati tiyeni tikaiwongole miyendo. Titayamba kukwera kaphiri ka pamwamba pa tauni, inatulutsa utsi wabuluu kumbuyo moti galimoto yotitsatira inatiimbira hutala. Mayi Fipe anati galimotoyi ikusuta kuposa amuna awo. Malume anati khanda limeneli lili ndi chifuwa cha nkhalamba, n'kukhota kulowera kwa a Renzo.

A Renzo ndi bambo wachikulire amene amakonza mathirakitala a m'minda ya malalanje. Makolo awo anachokera ku Italy. Iwo ndi malume amanyogodolana nthawi zonse akakumana. Atationa anati, iwe Sekope, mfumu ya kwanu yakupatsa liti udindo kuti uziyenda pa galimoto yotere? Malume anati ndi ya mkamwini, yayenda pang'ono chabe, ikungofuna mankhwala a chifuwa. A Renzo anasuzumira pa manambala aja, n'kunena kuti iwonso atsikana akawafunsa amati ali ndi zaka makumi atatu.

Ndilemba zimene anachita motsatana, zimene ndinaona ndi maso anga, kuti musayese ndi nkhani za m'maluwa.

Poyamba anatiuza chinthu chimene ine sindinkachidziwa, ngakhale malume amene anazolowera galimoto zatsopano. Manambala a galimoto zakalezi ali ndi malo asanu okha. Akadzaza onse amabwerera pa ziro n'kuyambiranso, ngati wotchi ikadutsa thwelofu. Anati dziko lino munthu amatha kuyenda tsiku lathunthu osaona nyumba, ndiye kudzaza manambalawo si chinthu chachilendo. Kwathu ndani angaganize zimenezo? Pamsewu wake uti?

Anati makalata akasowa umafunsa thupi la galimoto. Anatsegula chitseko cha woyendetsa n'kuchitukula, chinagwedera. Cha mbali inayo sichinagwedere. Anandipatsa kiyi kuti ndikhudze mano ake, ndipo anali osalala ngati sopo wotsala. Chiwongolero chinali chokutidwa ndi chikopa chatsopano, koma atachikweza pang'ono, pansi pake panali potha pamene pamagwira manja. Mphira za pa zopondera zinalinso zatsopano. Anavula ya pa kilatchi, ndipo chitsulo chake chinali chodyeka mbali imodzi, chikunyezimira. Anati phazi limene linadya chitsulo chimenechi linkavala jombo, osati nsapato ya kutchalitchi.

Kenako anagona pansi kumbuyo kwa galimoto n'kutiitana. Ine ndinagwada, ndinaona mabowo pamene panali chitsulo chokokera ngolo, ndi dothi lofiira louma m'makona monse. Anati dothi lotere ndi la kutali m'kati mwa dziko, kumene amaweta nkhosa. Anafunsa malume ngati gogoyo ankapita ndi nkhosa zake kumgonero. Malume anati mwina anali m'busa. Injini anaiyeza ndi kachipangizo kokhala ndi muvi, n'kupukusa mutu.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti nanga nambala yeniyeni ndi iti. Anati, mwana wanga, imeneyo palibe angakuuze, ngakhale ine. Chimene anganene n'chakuti manambalawo azungulira kawiri, mwina katatu.

Mpaka pamenepo mtima wanga unali m'malo. Ndinati a Manase nawonso anapusitsidwa ndi wogulitsa, ndipo ndinayamba kuwamvera chisoni. Koma a Renzo anatenga tochi n'kuunika kuseri kwa manambala aja. Anati timisomali tomangira pamenepo tamasulidwa posachedwa, pokandika pake pakadali poyera. Anandionetsanso kuti manambalawo sanaime mzere umodzi, ina yakwera pang'ono kuposa inzake. Anati kuzungulira kokha si mlandu wa munthu, koma apa palowa dzanja. Sanatchule dzina. Malume anasiya nthabwala.

Ndinadikira kuti a Manase abwere, chifukwa sindinafune kuweruza munthu asanayankhe. Mwina dzanjalo linali la wogulitsa. Masiku onsewo galimoto inali pabwalo, ndinkaidutsa m'mawa popita kuntchito osaiyang'ana.

Anabwera sabata yatha. Lamulungu titaweruka, anthu akudya mu holo ya tchalitchi, ndinawapempha kuti tilankhule panja, mayi Fipe ali chapafupi monga ziyenera kukhalira. Ndinali nditakonzeratu mawu ambiri, koma pakamwa panatuluka funso limodzi. Ndinawafunsa ngati anagula galimotoyo manambala ali pomwe alipa.

Sanakane, Amayi. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anaseka n'kunena kuti, Losa, wasanduka makaniko liti? Anati anaigula kwa mwana wa mlimi wina wa nkhosa, ndipo manambala anawabweza okha kuti mdala akondwe. Anati kwathu ku chilumba cha Foa kuli msewu wanji, ukangolowetsa giya yachitatu wafika kale m'nyanja. Anati mchere wa m'nyanjamo udzaidya galimotoyo injini isanafe, ndiye adzadziwe ndani? Ndinafunsa za gogo wa ku Leeton uja. Anati galimoto iliyonse yakale imafuna gogo wake. Kenako anandiyamikira kuti mpando ndinasoka bwino, palibe angadziwe kuti unali wotani. Anati nkhaniyi ithere pakati pa ife awiri, popeza posachedwa tikhala thupi limodzi. Atatero analowa kukatenga nyama ina, chifukwa amati itha.

Mawu a mpandowo ndi amene sakundichoka m'mutu. Ndinkasoka ndikuganiza kuti ndikukongoletsa mphatso ya Abambo.

Kunyumba ndinawauza malume zonse. Iwo anati kava, chakumwa chathu chamwambo chija, inamwedwa kale, mabanja awiri anagwirana chanza, madzi akatayika saoleka. Anati akonzetsa injini mwakachetechete kwa a Renzo galimoto isanakwere sitima yapamadzi yobwera kwathu, ndipo ine ndisunge pakamwa panga. Mayi Fipe anati amuna onse amawonjezera akamafunsira. Anati malume anawauza kuti ali ndi boti pamene anali ndi nkhafi yokha, koma onani akhala nawo mpaka imvi. Anati a Manase samwa mowa, ntchito amagwira, kwaya amaimba, ndipo mtsikana wosowa pakamwa ngati ine ndidzampeza kuti wina wondifuna. Sananene mwankhanza, anali akundipesa tsitsi.

Mwina akunena zoona. Sindikudandaula kuti galimotoyo ndi yotopa. A Manase akanati, Bambo, galimotoyi yayenda kwambiri koma ndi imene ndakwanitsa, Abambo akanailandira ndi manja awiri, mukuwadziwa. Koma munthu anagona chagada pansi pa chiwongolero, kukonza nambala yoti Abambo azikauza anzawo pomwa kava. Anaganizira mphira, anaganizira chikopa, anaganiziranso ine ndi singano yanga. Tsopano akandiuza kanthu kalikonse, ngakhale kuti kunja kukuzizira, ndimapezeka ndikufuna kuunika kuseri kwake. Sindikudziwa ngati munthu angakhale choncho m'nyumba imodzi ndi mnzake moyo wonse.

Amayi awo a Manase abwera kale kudzandiyeza diresi. Ndinaimirira, ndinatambasula manja, ndinathokoza. Malo a galimoto m'sitima akuti apezeka mwezi wamawa.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa azakhali Seini abusa asanalengeze tsiku m'tchalitchi. Pa ana a Abambo mawu omaliza ndi a mlongo wawo, ndipo azakhali akati ukwati uime, Abambo ngakhale malume sangatsutse. Ine sindingawalembere ndekha, si malo anga. Muwawerengere kalata ino momwe ilili, osachotsa kanthu. Muwauze kuti sindikufuna kukwatiwa ndi a Manase. Mawu amenewa sindinawanenepo kwa munthu, ndawalemba koyamba pano. Akati ndikwatiwe ndithu, ndidzamvera, koma adziwe kaye.

Ndikudziwa manyazi amene ndikukubweretserani. Ndikudziwa nsalu za makungwa zimene azimayi a m'mudzi akhala akumenya chifukwa cha ine, ndi nkhumba zimene achimwene akunenepetsa. Ndikudziwanso zimene anthu adzanene kuchoka ku Faleloa mpaka ku Pangai, kuti mwana wa uje anakana mwamuna chifukwa cha manambala. Mundikhululukire. Yankho lanu mulipatsire mayi yemweyu pobwerera, musatumize kudzera kwa malume.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Feleti ndi alamu anga, ndi ana onse. Kwa agogo, muwauze kuti juzi yawo ndaimaliza, ibwera ndi katundu wa Khirisimasi. Kalisi azilimbikira sukulu. Kwa azakhali Seini ndikugwada ndi ulemu wonse.

Abambo muwapatse moni wanga. Za manambala musawauze muli nokha, dikirani azakhali akhalepo. Koma ndamva kuti akufuna kugwetsa mtengo wa mango wa kumaso kwa nyumba kuti amange poimika galimoto. Muwapezere chifukwa china chilichonse, auleke kaye mtengowo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Losaline