Moni wa pa Siteshoni ya Oakville

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Ntcheuko. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Munkada nkhawa kuti ndidzachotsedwa ntchito chifukwa chokhala kutali ndi chipatala. Mtima m'malo, amayi. Sitima imene ndimakwera popita ku ntchito sichedwa kawirikawiri. Koma Lolemba kunazizira koopsa mpaka njanji zinaundana, sitima osabwera. Ine ndidakali m'miyezi yoyesedwa, ndipo a metironi safuna kumva za kuchedwa.

Pa siteshoni yathu wogwira ntchito ndi mmodzi yekha, bambo ogulitsa matikiti. Anthu amangotenga tikiti n'kudutsa, koma ine ndimawapatsa moni bambowa m'mawa uliwonse, n'kufunsa za kunyumba. Poyamba ankandidabwa. Lolemba lija anandikodola pakati pa chigulu cha anthu odikira sitima.

"Nesi, nambala ya kuchipatala kwanu ndi chiyani?"

Anaimba lamya okha, n'kuwauza a metironi kuti vuto ndi njanji, osati ine. Nditafika, a metironi anangondilozera ku wodi.

Munditumizireko chitenje chimodzi chokongola, ndikawapatse akazi a bambo ogulitsa matikiti aja. Moni uja munkandikalipira ndikaiwala kupereka ndili mwana, ndi amene wandisungira ntchito kuno.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Esinati