Mkazi wanga wabisa chingwe cha sowo

Aphungu,

Ndine kalipentala, ndimakhala kuseri kwa msika pa boma pa Lundazi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikucheka matabwa ndi sowo ya pamanja, ndipo palibe chitseko changa chimene chinabwezedwapo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa pakhomo panga pano ena aiwala.

Mwezi watha ndinagula sowo ya magetsi ku Chipata, ija ya patebulo lachitsulo, mano ake ozungulira otulukira pamwamba. Inabwera pa minibasi ili m'katoni, miyendo payokha, mabawuti m'kajumbo, ndi kabuku ka zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Kabukuko ndinakaponya pambali. Munthu woti anakhoma madenga a matchalitchi awiri angalephere tebulo la miyendo inayi? Pofika masana ndinali nditamanga. Panatsala kachitsulo kamodzi kokhota ndi chophimba cha pulasitiki, ine n'kuti n'zokongoletsera chabe.

Nditayatsa, thabwa silinadulike. Linangofuka utsi, fungo la kupsa mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Mkazi wanga Eness ankasenda mtedza pakhonde. Anangotenga njinga n'kuchoka. Pobwera anali ndi Jethro.

Aphungu, mundimvetse. Jethro ameneyu anagwirapo ntchito yocheka matabwa ku Ndola, n'kubwerako ndi Chingerezi chambiri ndi zala zisanu ndi zitatu. Ziwiri za kumanzere zinatsala komweko. Komanso ndi iyeyu amene anayamba kufunsira Eness kwawo ku Kapichila, ine ndisanamudziwe. Anakanidwa, inde, koma mwendo suiwala njira. M'Lundazi monse muno mkazi wanga anasowa wina woti aitane?

Jethro anafika ndi "Monile, a Zimba," kuyang'ana sowo kamodzi basi, n'kuseka. Akuti ndinaika mano chotembenuza, ankangokhula thabwa m'malo modula. Anamasula, anatembenuza, anayeza ndi tepi chitsulo chotsamiritsa thabwa, anaika chophimba chija. Kenako ananyamula kachitsulo kokhota kaja n'kukamanga kumbuyo kwa mano. Anati, "Aka musachotse, bwana. Kaletsa pulanga kupana mano. Mukachotsa, pulanga izakubwelelani monga bulu womenya theche." Anandisemeranso kamtengo kokankhira thabwa, ine kalipentala, pakhomo panga.

Nthawi yonseyi maso a Eness sanachoke pa manja a Jethro. Ndinamuona ndi maso angawa. Ngakhale pomupatsa madzi akumwa, ankayang'ana manja omwewo. Pochoka anamupatsa mtedza mbale yodzaza, ulitu mtedza womwe ine ndikapempha amati ndi wambewu.

Kuyambira tsiku limenelo nyimbo ya pakhomo ndi imodzi. "A Jethro anati muimilile pambali." "A Jethro anati kamtengo." Ndikayatsa sowo, ndimaona kachitsulo kake kali njo pakati pa tebulo langa, mtima n'kumawawa. Tsono ndinakamasula, pamodzi ndi chophimba, n'kuzikwirira m'chitini cha misomali.

Lachiwiri lapitali ndinkang'amba thabwa la mlombwa, la chitseko cha mayi Martha a ku Mwase. Linali lisanaumitsitse. Nditafika pakati, sowo inalira mwachilendo, thabwa linandipulumuka m'manja n'kuuluka chambuyo. Linandikhula nthiti, n'kukathyola chotsamira cha mpando umene Eness amakhalapo posenda mtedza. Iye anali atangodzuka kumene kukayanika mtedza pamphasa.

Anabwera, anayang'ana mpando, anayang'ana sowo. Kenako anandigwira manja onse awiri n'kuwatembenuza uku ndi uku. Sanalire, sanakalipe. Anangozula chingwe chachitali chimene ndimatengera magetsi m'nyumba, n'kukachikiyira m'sutikesi yake. Anati, "Awiske Lukundo, chingwe ichi simuzachiona mpaka a Jethro abwele aone makina." Lukundo ndi mwana wathu woyamba, ndipo akandiitana choncho ndimadziwa kuti sasintha.

Mwaona? Jethro yemweyo. Nsanje ikundidya, sindibisa. Kodi imeneyi si njira yoti azionana ine ndili pomwepo ngati chitsiru? Chitseko chikufunika Loweruka. Ndiitane ankhoswe, kapena ndimutumize kwawo ku Kapichila akayambe waganiza?

M.Z., Lundazi

A M.Z.,

Ankhoswe asiyeni alime. Mukawaitana, adzafunsa kuti mpando unathyoka bwanji, ndipo mlandu udzatembenuka ngati mano a sowo yanu aja.

Ndawerenga kalata yanu kawiri kufunafuna chibwenzi, sindinachipeze. Ndapezamo mwamuna amene anaponya kabuku pambali, anaika mano chotembenuza, n'kukwiyira amene anamukonzera. Safunsa anadya phula, bambo. Chikukupwetekani si mtedza wa m'mbale. N'chakuti munthu wina anadziwa chimene inu simunadziwe, mkazi wanu akuona. Zimenezo zimawawa, ndikuvomereza. Koma sowo ya pamanja ndi ya magetsi ndi nyama ziwiri zosiyana. Ya pamanja imaleka inu mukaleka. Ya magetsi sidziwa kuti munakhoma matchalitchi angati.

Lero lomwe, pitani pa chitini cha misomali chija mukafukule zimene munakwirira. Kachitsulo kaja si ka Jethro. Kanabwera m'katoni yanu, ndi kanu. Ntchito yake mwaiona kale ndi nthiti zanu: thabwa losauma likamadulidwa limatsekanso pakamwa, limapana mano, ndipo mano amaliponya kwa amene wayimirira kumbuyo. Kabwezereni, kayime mzere umodzi ndi mano, chophimba pamwamba. Kabuku kaja kafuneni. Ngati zilembo zachepa, bwerekani magalasi.

Kwa Jethro pitani nokha, ndi njinga yanu. Musatume Eness, si ndinu amene simufuna kuti azionana? Mukamuuze zoona zake, kuti munachotsa kachitsulo ndipo thabwa linauluka. Aseke ngati akufuna, kuseka sikudula chala. Abwere aone ngati palibe chapindika, ndipo mucheke thabwa limodzi iye akuyang'ana. Mano azituluka pang'ono pokha pamwamba pa thabwa. Muziyimirira chapambali, muzikankha ndi kamtengo kaja, ndipo musakhudze mano chingwe chili pamagetsi. Tebulo mulitembenuze kuti kumbuyo kwanu kukhale khoma, osati khonde la anthu.

Mayi Martha auzeni kuti mlombwa wawo uyambe wauma. Chitseko cha thabwa laliwisi chimapindika, ndipo chimenecho chikanakhala choyamba kubwezedwa.

Koma musanachite zonsezi, konzani mpando. Umenewo sufuna magetsi, sowo yanu ya pamanja ikwanira. Pomupatsa Eness, mupepese ndi pakamwa, chifukwa m'kalata yanu yonse mwadandaula za mtedza ndi za Loweruka, koma simunanene paliponse kuti mukanapha mkazi wanu. Akanachedwa pang'ono kudzuka, ku Kapichila mukanamuperekeza ndi anthu ambiri, ndipo bokosi mukanakhoma ndinu.

Mwafunsa chifukwa chake anasankha Jethro m'Lundazi monse. Anasankha munthu amene sowo inamuluma kale. Mukuti maso ake sanachoke pa manja a Jethro, ndipo ndikukukhulupirirani. Tsopano kumbukirani chimene anachita thabwa litauluka. Sanathamangire kwa Jethro. Anagwira manja anu n'kuwatembenuza uku ndi uku.

Mkazi wanu ankawerenga zala, bambo. Kwa Jethro anapeza zisanu ndi zitatu, kwa inu anapeza khumi, ndipo wakiya chingwe kuti zikhalebe khumi. Mukapitiriza nsanje imeneyi mudzafanana ndi Jethro pawiri: zala zoperewera, ndi Eness atakukanani.

Aphungu